Zala Zanga mu Chiwaya cha Mtedza

Ndikangomva fungo la mtedza wokazinga pa msika wa Kamwendo, mtima umachita kuwira. Mlandu wonse ndi wa a Lupiya, amene anali alamu anga.

Ndili Sitandade 3, a Lupiya anabwera ndi gitala ya ku Chipata, yeniyeni, yonyezimira moti munthu ukanatha kumeterapo ndevu. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo a Jere, n'kumakangana kuti rumba ndi kalindula chokoma n'chiti. Ine ndinali ndi kabanjo kanga ka chigubu, nsambo zake za buleki ya njinga.

"Alamu, ndigwireko gitalayo," ndinawapempha tsiku lina.

Anandiyang'ana m'manja. "Tizala tofewa ngati nthochi iti? Zikhwime kaye, Lamlungu udzaimba."

"Zimakhwima bwanji?"

"Ife tinazikazinga mu mchenga wokazingira mtedza," anatero a Jere, nkhope ili gwa.

Loweruka amayi akukazinga mtedza wogulitsa, atangotembenuka, ndinapisa zala zonse m'chiwaya. Kukuwa kwake anamva ndi a ku Zambia omwe! Matuza ake ngati mazira a nkhanga. Lamlungu ndinapitabe, manja ali m'nsanza.

A Lupiya anaseka mpaka kugwa pampando. "Aa, mphwanga, zapserera! Dikira zipole."

Zisanapole, ukwati wawo ndi achemwali unatha, gitala n'kubwerera ku Chipata ndisanaikhudze olo kamodzi.

Pano ndamaliza Fomu 4, ndikudziwa kuti zala zimakhwima n'kuimba komweko. Ankangoopa kuti ndiwadetsera gitala yawoyo, anthu akuluakulu ndi ndevu zawo!