Fanta wa Mbali Ziwiri

A Gerishomo, amene khomo lawo layang'anana ndi langa kuno kwa Mwambo, akhala nkhoswe zaka pafupifupi makumi awiri. Banja likagwedezeka, anthu amathamangira kwa iwo. Kale anali owonda ngati bango, chifukwa ankapalasa njinga kukagulitsa matemba ku Songani. Malonda a mpunga atawayanja, anagula njinga yamoto. Kuyambira pamenepo, ngakhale kugolosale imene ikuwonekera ali pakhonde, ankapita ataliza injini.

Nkhoswe imakhala ya mbali imodzi, koma iwo ankanyadira mbiri yakuti sakondera. Msampha unali pomwepo. Akuchikazi akatulutsa Fanta, akuchimuna nawonso ankatulutsa wawo, ndipo kumwa wa mbali imodzi yokha kukanakhala kukondera. Choncho ankamwa onse awiri, n'kumalizira ndi thobwa lothira shuga. Mimba inakula, anthu n'kumatamanda akazi awo, mai Elenala, kuti amadziwa kusamala mwamuna.

Chaka chatha linawagwira ludzu losatha. Pa mlandu umodzi ankatuluka kanayi kukataya madzi. Bala limene anadzicheka kuphazi ali kudambo silinkapola. Kuchipatala namwino anawabaya chala, n'kuwauza kuti shuga wakwera, ndipo akapitiriza zotsekemera ndi kumangokhala osayenda, phazilo likhoza kudzadulidwa. Anayezanso mai Elenala, amene anangoperekeza, n'kupeza kuti ali bwino. A Gerishomo anadabwa. Ine ayi. Mjigo, nkhuni, munda wa mpunga, chigayo, zonsezi amafikako ndi miyendo yawo ndi maiwo.

Kunyumba a Gerishomo anasiyadi shuga. Kumilandu ndiye anakanirira.

"Amake Mphatso," anatero, "ndikakana Fanta wa eni ndiye kuti ndanyoza eni. Phazi ndi langa, koma mbiri ndi yanganso."

Mai Elenala sanatsutse. Anangoyamba kuyenda. Kukatsala tsiku limodzi kuti mlandu ukambidwe, ankapita kukacheza ndi amayi a mbali zonse ziwiri. Ankafika n'kutenga lichero, kuthandiza kupeta mpunga, ndipo nkhani ili mkati ankatsitsa mawu: abambo masiku ano apeza njira yodziwira wolakwa. Amene watulutsa chotsekemera, iwo amati ameneyo ndiye ali ndi kanthu kobisa, akufuna kutseka nkhoswe pakamwa. Ankamaliza ndi kupempha kuti zimenezi asauze munthu. Pofika madzulo, mudzi wonse unkakhala utamva.

Ulendo woyamba ndinawaperekeza, maola awiri wapansi, cha kwa Kuntumanji. Unali mlandu wa Fanuelo ndi mkazi wake Tamanda. M'mawa mwake a Gerishomo anafika, anakhala pampando, n'kuyang'ana uku ndi uku. Akuchikazi anabweretsa madzi a mumtsuko ndi mtedza wophika. Akuchimuna, powopa kuti mwina mtedza nawo umawerengedwa, anabweretsa madzi okha. Akuti mlandu umenewo unatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo banjalo lilipo mpaka lero.

A Gerishomo anabwerera akudandaula kuti anthu a masiku ano awumira manja. Sabata yomweyo kiyi wa njinga yamoto anasowa. Anasakasaka m'nyumba monse, mai Elenala akuwathandiza kusuntha matumba a mpunga ndi nkhope yachisoni. Kumene ali kiyiyo ndikukudziwa, chifukwa chitini chimene alimo ndi changa cha mchere. A Gerishomo anatsitsa njinga yakapalasa kudenga.

Balalo linapola. Lamba abwezako mabowo awiri, ndipo mankhwala amamwa m'mawa uliwonse, mai Elenala atawaikira pafupi ndi kapu. Lamulungu lapitali anaimirira m'tchalitchi kupereka umboni wakuti matenda a shuga amawopa mwamuna wodziletsa.

Mai Elenala anawomba m'manja limodzi ndi ena onse. Kenako anapendekera kwa ine.

"Achemwali, Lachitatu muli ndi nthawi? Kuli mlandu wina kutsidya kwa dambo, ndipo akuti akuchimuna agula kale kireti."