Milamba ya a Sebastiano

Ati a Sebastiano a kwa Mlolo ankaweta ng'ona. Pamjigo, kuchigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani inali yomweyo. Tsopano poti tawaika m'manda, imvani mmene zinalili.

Anabadwira m'banja la asodzi. Ali mnyamata ankasinja katupe n'kuthira m'thamanda, nsomba zonse n'kuyandama, ndi tiana tomwe. Ankatola zikuluzikulu, zotsalazo n'kumawola padzuwa, iwo akuseka.

Madzi osefukira atakokolola munda wawo, anapita ku Blantyre n'kupeza ntchito yosamalira maluwa pakachisi wa Abuda. Kumeneko anamva kuti zoipa zimachokera mu umbuli, ndipo chilichonse chomwe munthu wachita dala chimabala zipatso zake. Zimenezi amati kamma. Ati tsiku limenelo khasu linawalemera. M'maso mwawo munkangobwera thamanda lija, lili mbee ndi mimba za nsomba.

Atabwerera kumudzi sanagwirenso ukonde, ankangolima mapira. Asodzi akakocheza, ankatapa mapira pang'ono kukasinthanitsa ndi milamba yomwe ikupumabe, n'kuibwezera mu Shire.

Abale inu, kuno kwathu munthu wamkulu n'kumaponya ndiwo m'madzi? Anthu anangoti akudyetsa ng'ona yake. Ndiye ng'ona itagwira mtsikana wina padooko, zala zonse zinaloza iwo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, a Jesinta, anabwera khanda lili kumbuyo.

"Baba, siyani zimenezi! Amuna anga akuti mwanayu asadzapondenso pano."

"Ndimuoneko nkhope yokha, mama."

A Jesinta anafunditsa mwanayo chitenje, ulendo wobwerera kwawo ku Ngabu.

Zinawapweteka, koma milamba sanasiye, ndipo sanatukwanepo munthu. Madzi akasefukira ankawolotsa pabwato anthu omwe ankawanena aja. Ankati, "Sakudziwa. Inenso pothira katupe sindinkadziwa. Ndikawakwiyira, ndiye kuti ndabzalanso china."

Anakalamba okha. Kabaza akamadutsa ankadzutsa mutu, kenaka n'kuwerama. Atadwala anatumiza uthenga ku Ngabu, koma a Jesinta anazengereza. A Sebastiano anamwalira masana, atatsamira mtengo wa masawu pakhomo pawo, manja ali pamiyendo, nkhope ili phee.

A Jesinta anafika tikuchoka kumanda, ndi mwana uja, tsopano namwali wa msinkhu wangawu. Ndinamumva ndekha akufunsa, "Amama, agogo anali munthu wotani?"



Mukanakhala inuyo a Jesinta, mukanamuyankha chiyani?