Nyambo Yanga ndi Asidi wa Batire

Nditapuma ntchito yauphunzitsi, ndinali ndi nyambo imodzi yokha yachitsulo, yooneka ngati kansomba, imene ndinagula kwa dalaivala wochokera ku Tete. Itachita dzimbiri, ina sindikanaipeza pa Mwanza. Mlamu wanga wokonza njinga anati, "Alamu, iviikeni m'madzi a mandimu masiku awiri." Ine ndinaona kuchedwa, choncho ndinaiviika mu asidi wa batire, ndipo inatuluka ikuwala. Ndinatha masiku atatu ndikuipaka penti wotsala wa njinga ndi nthenga ya nkhuku, mpaka kuijambula maso. Kumtsinje nsomba yaikulu inaimeza ndithu, koma kamphete komangapo chingwe, kamene asidi anakadya, kanaduka. Nyambo inapita, ndi maso omwe. Mlamuyo amandifunsabe, "Kodi mandimu anakwera mtengo, alamu?"