Nshawa za pachulu siziyankhila munda wonse

Ndiyambe ndi kuwongola mbili imene yafalikila kale kuchokela ku Kalindawalo kuno mpaka pamsika wa Petauke. Akuti nkhalamba zapenga, zinali kuponya zipewa m'munda wa nshawa dzuwa lili paliwombo. Zipewa tinaponyadi, abale anga, ndipo chimelele imvi sindinasekepo chotelo. Koma kupenga ayi. Tinali kuchita masamu.

Kilabu yathu ya alimi inagawa munda umodzi pawili. Mbali ina tinabzala chalimbana, mbewu yakale imene ndinalandila kwa malemu amai anga. Mbali inayo tinabzala mbewu yatsopano imene aMwanza, wapampando wathu, anabwela nayo kuchokela ku Kacholola. AMwanza anali atagamula kale kuti chaka chamawa tonse tibzale yawoyo, ndipo chalimbana yosungila mbewu tiikazinge. Mukudziwa inu kuti mbewu ikalowa m'chiwaya sibwelelanso kumunda.

Ine ndinapempha kuti tiitane woweluza wakunja: amai Mulenga, mphunzitsi wa masamu amene boma linatitumizila kuchokela kumpoto. Anafika Loweluka, nati, "Ndizulilenikoni mapando angapo mbali iliyonse, tiwelenge nshawa zake."

AMwanza anathamanga ngati akuthawa njuchi, nabwela atafukata zonenepa zokhazokha.

"Mwazula pati, bambo?"

"Pachulu paja, amai. Kodi mlendo n'kumuonetsa zoonda? Tinaleledwa ife!"

Tonse tinavomeleza, pakuti ndiwo mwambo wathu: mlendo timam'phela tambala wamkulu. Koma amai Mulenga anaseka mpaka kugwila nthiti, nawayankha ndi mawu aulemu a kwawo kumpoto.

"Mukwai, lelo sindine mlendo. Pachulu ngakhale mwala ungabeleke."

Anatimwaza m'munda monse, natilamula kuti aliyense atsinzine, azungulile, aponye chipewa chakumbuyo. Pomwe chagwela, pomwepo tizule, kaya zonenepa kaya zofota, pakuti chipewa chilibe mbale. Mukanaona! Dikoni wa mpingo wathu anazungulila mpaka kukhala pansi. Amai Zulu, posowa chipewa, anaponya patapata, nailondola akutsimphina ndi mwendo umodzi. Ena akufalitsa kuti chipewa changa chinakodwa mumtengo wa mango. Limenelo ndi bodza. Unali msuku.

"Ponyaninso, aFomu Faifi!" anandifuulila aMwanza, pakuti ndimo amanditchulila poseka sukulu yanga. "Kapena kusekondale kwanu nshawa zinali kubeleka m'mwamba?"

Titawelenga, amai Mulenga anatikhazika pamthunzi, ine ndikuthandiza kumasulila pomwe Chinyanja chawo chinali kukwawa. Anati poyamba timayesa kuti mbewu ziwilizi n'zofanana, monga woimbidwa mlandu amayesedwa wosalakwa, ndipo wonena kuti n'zosiyana ndiye abweletse umboni. Anatinso popeza sitinazule munda wonse, yankho silingakhale nambala imodzi. Limakhala ndi malile awili, apansi ndi apamwamba, ndipo choonadi timachiyembekezela pakati pake.

Anadinadina pafoni kuwelengela. Mbewu ya aMwanza inaonekadi kutsogola pang'ono. Koma pamene malile apamwamba anali kunena kuti ingapose chalimbana ndithu, apansi anali kunena kuti ingachepelenso. Kufanana kuja kunali pakati pa malile awiliwo. Kutsogola kotelo, anatelo iwo, kungakhale mwayi wa zipewa chabe.

Apa ndiye tchelani khutu. Anzanga okonda chalimbana akulengeza kuti aphunzitsi anatsimikiza kuti mbewu ya aMwanza njachabe. Sanatelo, ndipo ngakhale bodzali likundikomela, ndikulikana. A kwa Mwanza nawo akuti yawo inapambana. Aphunzitsi sanatelonso. Mawu awo anali akuti umboni sunakwane. Kulephela kugwila wakuba sikutanthauza kuti m'mudzi mulibe wakuba.

Kodi si pachulu pomwe timazula masiku onse? Munthu mmodzi akachila atamwa mizu, mudzi wonse umakumba mtengowo mpaka kuugwetsa. Amene anamwa osachila, ndani amawawelenga? Wofuna mavoti amatitengela pamjigo umodzi wotulutsa madzi, ife n'kuwomba m'manja, pamene ina yakufa ili phee m'thengo. Ulemu wathu woonetsa mlendo zabwino ngwokoma pakhomo, sindikutsutsa. Koma tikaunyamula kupita nawo poweluza, timadzinamiza tokha, ndipo njala ikadza sifunsa kuti tinaleledwa bwanji.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kilabu yagwilizana kuti chaka chamawa tibzalanso mbewu zonse ziwili, m'minda ingapo, ndi zipewa zochuluka, pakuti mapando akachuluka malile aja amayandikana. Chalimbana ya amai anga yapulumuka chiwaya! Ili m'nkhokwe, ndipo ndikaidutsa ndimaipatsa moni.

AMwanza sanagonje. Mailo, dzulo lomweli, ndinawapeza kuseli kwa nyumba yawo akuyeselela kuponya chipewa chakumbuyo, diso limodzi lili pachulu.

Nanga inu, wina akadzakubweletselani nshawa zonenepa, kodi mudzakumbukila kufunsa kuti wazula pati?