Kandege ka Abambo ka Pawaya

Dzulo ndikudutsa pamsika wa Kawale ndinamva fungo la guluu kwa wosoka nsapato, mpaka ndinaima. Umu ndi mmene nyumba yathu ya ku Biwi inkanunkhira chaka chimene amayi anachoka.

Abambo anali makaniko. Akaweruka ankakhala pakhonde n'kumapala timatabwa topepuka, kumata mapiko a kandege. Injini yake inali yaing'ono ngati chibakera changa, koma phokoso lake linkagonthetsa m'kutu. Loweruka tinkapita nako kubwalo la mpira. Kankauluka mozungulira, katamangidwa ku mawaya awiri aatali amene abambo ankagwira ataima pakati. Akangopinda dzanja pang'ono kankakwera, n'kutembenuka chagada, ana onse n'kukuwa.

Ine kankandimvetsa chisoni. Anthu ankati amayi anapita ku Joni pa ndege, ndiye ndinkaganiza kuti nakonso kakufuna kupita komweko, koma abambo akukakaniza.

"Ababa, kamasuleni," ndinatero tsiku lina, misozi ili mbwembwembwe. "Kapite kakawatenge amayi."

Sanandiseke. Anathiramo mafuta ena, mnzawo wina amene ankawathandiza n'kukaulutsa, kenako anandiitana n'kulowetsa dzanja langa m'kati mwa lawo. Mawaya ankanjenjemera, kandege kakukoka ngati kamoyo.

"Tikakasiya kagwa, Tadala," anatero. "Gwiritsa. Tigwire tonse."

Tinazungulira mpaka mafuta anatha. Kandege kanatera bwinobwino, ife n'kugwera paudzu ndi chizungulire, tikuseka.

Ndinadzamva nditakula kuti amayi anali atakwatiwa kwina, ndipo tsiku limenelo abambo ankadziwa kale kuti sadzabweranso.