Mafoni a pa Golosale ya Nevermind

Tsiku limene Progress anatuluka m'ndende, anatsika kombi, minibasi ya kuno, pa tauni ya Concession atanyamula jumbo yokhala ndi malaya awiri. Panalibe womuchingamira. Anayenda wapansi mpaka ku komboni ya antchito pa pulazi, famu ya fodya imene agogo ake anafikira kalekale kuchokera ku Dedza, ndipo anapeza amayi ake, a Esinati, akusankha fodya m'shedi.

Mlandu wake unkadziwika ndi aliyense. Ali pa koleji ina ku Harare, anathyola chitetezo cha makompyuta a pasukulupo n'kulowa m'kaundula wa mayeso. Sanasinthemo kanthu. Ankangofuna kuti anzake amutame. Khoti linamupatsa zaka ziwiri.

Anayamba ganyu ya fodya pamodzi ndi amayi ake. Manja anada ndi utomoni, koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali pa foni. Akatswiri oteteza makompyuta anali ndi gulu lawo lokambirana, ndipo dzina lake linkawagawa pakati. Ena ankati munthu amene anathyolapo loko ndiye amaidziwa bwino, choncho apatsidwe ntchito. Ena ankati kulemba ntchito mkaidi n'kuuza ana kuti ndende ndi koleji.

Amene ankakana kwambiri anali Clever, mnzake wa m'kalasi. Tsopano Clever ankateteza makompyuta a kampani ina yogula fodya. Zithunzi zake zinali za mataye ndi misonkhano ya m'mahotela.

"Uyutu ankakopera kwa ine," Progress ankatero, akukulitsa chithunzicho ndi zala. "Taonani nsapatozo, amayi."

"Nsapato zake zikupweteka phazi lako?" a Esinati anafunsa osadzutsa mutu.

Progress analemba makalata ofunsira ntchito khumi ndi awiri. Anayankhidwa kamodzi kokha, ndi mawu akuti ayi. Sanasiye kuwerenga. Masana akapuma pansi pa mtengo wa bulugamu, ankaphunzira pa foni yake yosweka galasi.

Mvula itayandikira, kampani ya Clever inalowa m'mavuto. Inkagawa fetereza kwa alimi ake powatumizira nambala yachinsinsi pa foni, ndipo mlimi ankatchula nambalayo ku depoti n'kulandira matumba. Koma alimi ambiri akafika ankauzidwa kuti anatenga kale. Mmodzi mwa iwo anali mlimi amene a Esinati ankamugwirira ganyu. Popanda fetereza, chaka chimenecho panalibe fodya, panalibenso ganyu.

Clever ndi anzake anafufuza makina onse osapeza polowera mbava. Pa gulu paja wina analemba kuti, "Kodi mkaidi uja sakhala cha komweko?"

Mtima wa Progress unawira. Anabwereka laputopu n'kukhala nayo pakhonde.

"Ndilowa m'makina awo lero lomwe," anatero. "Ndimuyalutsa Clever dziko lonse lione."

"Akuitana?" amayi ake anafunsa.

"Ayi."

"Ulendo uja anakuitana?"

Progress anapitiriza kubaya mabatani a laputopu.

"Ine kupita ku ndende ndi kontena ya chakudya ndinatopa nako, mwanangu. Ukandichajitsire foni kwa Nevermind, yazima."

Anatseka laputopu ija mokwiya n'kupita. Ku komboni kulibe magetsi, ndiye anthu onse amasiya mafoni pa golosale ya Nevermind, pamene pali sola. Mafoni oposa makumi atatu anali ndandanda pa thabwa pafupi ndi kauntala. Kuti asasokonekere, iliyonse inali ndi kapepala ka dzina la mwini wake, komangidwa ndi labala.

Ali chiimire, foni ina inawala. Uthenga wa kampani unaoneka pagalasi, nambala yachinsinsi ili poyera, dzina la mlimi lili pakapepala. Aliyense wogula sopo akanatha kuwerenga.

Akatswiri a m'tauni ankaganiza kuti foni imagona m'thumba la mwini wake. Sanakhalepo pa komboni.

Progress akanatha kuzilemba pa gulu paja kuti Clever asekedwe, ndipo chala chinamuyabwadi. M'malo mwake anakwera kombi ya ku Harare, nadikira pa benchi ya ku ofesi ya kampani ija maola anayi mpaka mkulu wa zachitetezo, mayi Keziya, anamulola kulowa. Clever anali momwemo.

"Mayi, uyu ndi uja anamangidwa," Clever anatero msangamsanga. "Asakhudze kompyuta iliyonse muno."

"Sindikhudza, shamwari," Progress anayankha, akumutchula mnzake m'Chishona, manja ali kumbuyo. "Mayi, ndikupempha kalata yondilola kukuonetsani pamene pakudontha. Popanda kalata sindiyesa kanthu. Ndinaphunzira movutika."

Mayi Keziya analemba kalatayo n'kusaina. Mawa lake mayiwo anaima okha pa kauntala ya Nevermind, botolo la chakumwa lili m'manja, ndipo asanalimalize anali atawerenga nambala za alimi atatu.

Kampani inasintha kachitidwe. Alimi oberedwa analandira matumba awo mvula isanathe, ndipo a Esinati anabwerera kumunda. Progress anapatsidwa ntchito yoyendera madera a Guruve ndi Mhangura, kuona mmene anthu amagwiritsiradi ntchito mafoni awo.

Musaganize kuti onse anamulandira. Mpaka lero pa gulu paja alipo amene amamutchula kuti mkaidi. Clever amauza anthu kuti zinangomuyendera mwamwayi, ndipo akuti amakulitsa zithunzi za Progress ndi zala. Progress akamva amangoseka pang'ono, chifukwa matenda amenewo anadwalapo. Kalata ya mayi Keziya amayenda nayo m'thumba la malaya, yopindidwa kanayi.

Inu amene mbiri yanu inada, amene mumaona anzanu akukwera mtima n'kumakuwawani, nsanjeyo isakubwezereni pa windo limene munagwidwirapo. Pitani kukhomo, gogodani, dikirani pa benchi ngakhale maola anayi. Zimene mukudziwa chifukwa cha kumene munakulira, ena a mataye sakuzidziwa. Musataye mtima, ndipo musalowe musanaitanidwe.