Fodya Wofumbwa pa Ukwati wa Mwana Wanga

Anthu a kutchalitchi kwathu ku Barking amanena kuti ine ndinawononga ukwati wa mwana wanga wamkazi chifukwa chonyoza ndudu zopichira pamanja. Amati ndinkafuna za m'mabokosi, za mayina otchuka, kuti alendo aone kuti mkulu wa kufamu wafika pachizungu. Ena amawonjezera kuti ndinagubuduza tebulo la mmisiri, ndipo mayi wina amene sanaitanidwe n'komwe amalumbira kuti ndinkanunkha mowa. Zonsezo n'zabodza. Mowa sindinaulawepo, tebulo sindinaligwedeze, ndipo amene anaumirira kuti tiitane mmisiri wopichira ndudu ndi ineyo.

Ndinabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Dedza. Ndinaphunzira mpaka Folomu 4, zimene pa famu imeneyo palibe mwana wina anachita. Kenaka ndinagwira ntchito zaka zambiri m'shedi yosankhiramo fodya, poyamba monga kalaliki, pambuyo pake monga kapitawo. Belo silinkapita ku okushoni ndisanalowetsemo dzanja. Fodyayo sindinamusutepo ngakhale kamodzi. Ndimamudziwa ndi zala, mphuno ndi maso. Kuno ku London ntchito yanga inali yokankha odwala pa njinga m'chipatala, ndipo palibe amene anandifunsapo zimene ndinkachita ndisanabwere. Mayi a ana anga atamwalira, amene anatsala womva mawu anga anali mwana wanga wamkaziyo. Ankandifunsa ngakhale za nyumba yoti achite lendi.

Mkamwini wanga ndi mnyamata wa banja la ku Lusaka, wokulira ku Peckham, ndipo amagwira ntchito m'maofesi aatali a pakati pa mzinda. Kumeneko anaphunzira mwambo wa ndudu zonenepa za masamba okhaokha, zimene azungu amati siga. Anali ndi bokosi la matabwa onunkhira, la kawotchi koyeza chinyezi, ndipo m'menemo ankasungamo ndudu za dzina lalikulu zimene abwana ake anamupatsa atakwezedwa pantchito. Ankati sadzazisuta mpaka tsiku limene adzaone mwana wake woyamba.

Pa msonkhano wokonza ukwati anabwera ndi maganizo awiri. Oyamba anali oti agule mabokosi a ndudu zodziwika m'sitolo ya mumzinda, alendo azingotengamo. Achiwiri anali oti aitane mmisiri adzakhale ndi tebulo lake panja pa holo, azipichira alendo akuona, ndipo ndudu iliyonse ikhale ndi kalamba kapepala kolembedwa mayina a akwati. Bambo ake, asewere anga, munthu wokonda kuseketsa anthu, anafuna za m'sitolo.

"Asebele, ife sitinabwere ku London kudzapichira chingambwe," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Tigule za dzina. Dzina silinama."

Ine ndinawayankha kuti dzina limene lili pa bokosi si la munthu amene anapichira ndudu zili m'katimo. Ndinati moyo wanga wonse ndinaona fodya wodutsa m'manja mwathu akupita kutali n'kukatchuka ndi mayina a anthu amene sanalowepo m'shedi, ndipo ndinafuna kuti pa ukwati wa mwana wanga manja a wantchito aonekere poyera. Mwana wanga anati, "Timvere adadi." Nkhani inathera pomwepo. Amene amafalitsa bodza aja ena mwa iwo analipo pa msonkhanowo, ndipo anadya mpunga wanga.

Ukwati unachitika mu Seputembala, m'holo ina ya ku Tottenham. Popeza kuno m'nyumba ya anthu onse sasutiramo, mmisiri anamuikira tebulo lake m'katenti ka pakhomo. Anali bambo wachikulire wa kuzilumba za kutsidya la nyanja yaikulu, wosadziwa bwino Chingerezi. Ndinaima pambali pake nthawi yaitali. Manja ake anali abwino, ndipo zimenezi ndidzazinena mpaka kufa. Ankayala tsamba pathabwa, n'kulidula ndi kampeni kopindika, n'kukulunga mosathina komanso mosalekerera. Ndinadzimva kuti ndasankha bwino.

Kenaka ndinapempha tsamba limodzi pa mulu wa masamba a m'kati, amene alendo sawaona. Ndinalikweza ku dzuwa monga ndinkachitira m'shedi. Linali ndi timabowo tating'ono tozungulira, ngati toboola ndi singano. Ndinatenga lachiwiri, chimodzimodzi. Pansi pa thumba la masambawo panali fumbi lofiirira, losalala ngati ufa.

Chimanga chili ndi nankafumbwe wake, fodyanso ali ndi wake. Ndi kachirombo kofiirira, kochepa ngati njere ya mapira. Kamaikira mazira m'tsamba, ndipo mazirawo saoneka. M'nyengo yozizira amangokhala duu, koma kukatentha amaswa, mphutsi zake n'kudya fodya yense amene zamupeza. Ndinaonapo mulu wonse wa mabelo ukubwezedwa chifukwa cha belo limodzi lotere. Ndinamuonetsa mmisiriyo timabowoto. Anayang'ana pansi, n'kundiuza m'Chingerezi chake chochepa kuti masamba si ake, amachita kupatsidwa ndi omulemba ntchito. Ndinamumvetsa. Inenso ndinakhalapo wantchito.

Ndinamutengera pambali mkamwini wanga, ndipo ndinalankhula motsitsa mawu. Sindinamuuze kuti athamangitse mmisiri. Ndinati ndudu zimene zisutidwe lero zilibe vuto, moto umaliza zonse. Koma zotsala, zimene anakonza zosunga ngati chikumbutso, asaziike m'bokosi limodzi ndi ndudu zake za dzina zija. Ngati akuzifuna, azikulunge m'pulasitiki n'kuziika mufiriza masiku angapo kuti mazira afe. Anaseka, n'kundigwira paphewa ngati mnzake wa kuofesi, ndipo anandiyankha m'Chingerezi kuti ndisadandaule, kampani imene inatumiza mmisiriyo ndi ya akatswiri.

Bwenzi zitathera pomwepo, koma mkamwini anakawauza bambo ake. Nthawi ya zolankhula itakwana, asewere anga anagwira maikolofoni.

"Tithokoze asebele athu," anatero. "Anthu akuvina, iwo ali panja kusankha fodya. Akuti tiike ndudu mufiriji pamodzi ndi tinsomba ta kapenta. Asebele, pumulani, kuno kulibe kapitawo. Famu munaisiya kumbuyo."

Holo yonse inaseka. Anyamata a kuofesi kwa mkamwini atawamasulira, nawonso anaseka, ndudu zili m'matumba a majekete. Pambuyo pa asewere, woyenera kulankhula ndinali ine, monga bambo wa mkwatibwi. Ndinali ndi pepala m'thumba, masamba awiri a mawu amene ndinalemba sabata yathunthu, onena za mwana wanga ndi za mayi ake. Sindinalitulutse. Ndinati popeza nkhani ya m'tseri yaikidwa pabwalo, ndiikonza pabwalo pomwepo. Ndinafotokoza m'Chichewa, kenaka m'Chingerezi chosaphonya, kuti fodya amene ali panjayo ndi wofumbwa, kuti m'ndudu zimene aliyense wasunga m'thumba muli mazira a tizirombo, ndiponso kuti munthu amene sanagwirepo tsamba asaphunzitse amene anakalambira m'shedi. Sindinakuwe. Amene amati ndinakuwa akunama.

Alendo anayamba kutulutsa ndudu m'matumba n'kuzisiya pa matebulo, mayina a akwati ali pamwamba. Mwana wanga anatuluka, ndipo anzake anamutsatira atanyamula mchira wa diresi. Atabwerera, nkhope yake inali yopakidwanso mwatsopano. Anadutsa pafupi ndi mpando wanga n'kunena mawu atatu okha: "Mwandichititsa manyazi, adadi."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundifunsa kanthu. Moni ankandipatsa, pa Khirisimasi ananditumizira juzi, koma nyumba yawo ya ku Barking anaisankha osandiuza, ngakhale ili mtunda wongoyenda pansi kuchokera kwanga. Zoti ndi woyembekezera ndinamva kwa amayi a kwaya. Ndinkayembekeza kuti tsiku lina adzabwera kudzafunsa chimene ndinaona pa tsamba lija. Sanabwere. Nanenso sindinapite kukapepesa, chifukwa munthu sapepesa pa chinthu chimene anachiona ndi maso ake.

Mwana anabadwa mu Julayi, wamwamuna. Mu Ogasiti, kukutentha kwambiri moti anthu ankakomoka m'sitima za pansi pa nthaka, anakamupereka kutchalitchi. Uthenga wondiitana unabwera pafoni, womwewo umene analandira anthu onse. Titapita kunyumba kwawo masana, amene anapatsidwa khanda kuti alipempherere anali asewere anga. Ine ndinakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo.

Mkamwini anaitana amuna kuti apite pakhonde. Anatsitsa bokosi lija pa shelefu ya pafupi ndi zenera, pamene dzuwa linkaomba tsiku lonse, n'kunena kuti tsiku limene ankaliyembekeza lafika. Anzake a kuofesi analipo, omwe aja. Anatsegula.

Tizirombo tiwiri tinauluka. Ndudu za ukwati zinali pamwamba, za dzina lalikulu pansi pake, ndipo zonse zinali zobooka ngati sefa. Anatola imodzi ya abwana ake ija, n'kuigogoda pa chivindikiro. Fumbi linathothoka, ndipo nduduyo inaphwanyika m'zala zake. Anayesa ina, n'inanso. Kenaka asewere anati, "Pakamwa panu m'poipa, asebele. Munazitemberera." Koma nthawi imeneyi palibe anaseka.

Mkamwini anabwera pamene ndinakhala, bokosi lili m'manja. Anagwada ndi bondo limodzi, chinthu chimene sanandichitirepo, n'kufunsa m'Chinyanja chake chopunduka, "Bambo, tichite bwanji?"

Ndinamuuza kuti palibe yopulumuka. Zonse azithire m'thumba, alimange kawiri, akalitaye kunja kwa nyumba. Bokosi alipukute, aliike mufiriza sabata yathunthu, ndipo ayang'anenso m'kabati ya ufa ndi zokometsera ndiwo, chifukwa kachirombo kameneka sikasankha. Anachita zonse monga ndinanenera, anzake akuona.

Ndinadikira kuti mwana wanga anenepo kanthu. Anali ataima pakhomo la kukhitchini, khanda lili paphewa. Ndinaimirira n'kumuyandikira, ndipo ndinatambasula manja kuti andipatse mdzukulu wanga.

"Munanena zoona, adadi," anatero m'Chichewa, chimene kawirikawiri salankhula. "Ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwe lija kuti mukunena zoona. Pa fodya simulakwa. Koma unali ukwati wanga."

Anatembenuka n'kukagoneka mwana kuchipinda. Chakudya chinali chisanagawidwe, koma ndinatenga chipewa changa n'kutsika masitepe.